Siteshoni Yopanda Mlonda

Ku Ndirande, chakumtunda kumene nyumba zimayamba kukwera phiri, kuli mkulu wina amene adagwira ntchito ya panjanji kwa zaka 30. Maso awo adayamba kuchita chidima, koma makutu akadali akuthwa, moti sitima ikalira kumunsi cha ku Makata amatukula mutu ngati munthu amene waitanidwa dzina. Madzulo ena a mwezi wa Okutobala mu 2023, dzuwa litapendeka, agogowa adali pakhonde pamene mdzukulu wawo wamwamuna, mnyamata wa Fomu 4, adafika ndi foni m'manja.

"Agogo, achemwali atumiza zithunzi."

Achemwali akewo adali ku Japan, kumene adapita kukaphunzira za ulimi wa mpunga. Chithunzi cha tsikulo sichidali cha nyumba zosanja kapena cha sitima zaliwiro zimene dzikolo limatchuka nazo. Chidali cha kasiteshoni kakang'ono pakati pa minda ya mpunga, pamene mtsikanayo ankakwerera sitima m'mawa uliwonse. Padali kakhonde ka simenti, kadenga, benchi imodzi ndi chikwangwani cha dzina la malowo. Pabenchi padali timapilo tosokedwa pamanja, pakona padatsamira maambulera atatu oti wogwidwa ndi mvula abwereke, ndipo pakhoma padapachikidwa kabokosi koponyamo matikiti. M'munsi mwa chithunzicho adalembamo kuti pamalopo palibe wodula matikiti, palibe mlonda, palibe wantchito ndi mmodzi yemwe.

Mnyamatayo adaseka chikhakhali. "Kuno benchi imeneyo singagone usiku umodzi. Kukacha ingapezeke ili pamsika, maambulerawo atapeza eni ake atsopano."

Agogo sadaseke naye. M'mawa wa tsiku lomwelo, akufunafuna khasu kuseri kwa bafa, adapeza thumba la feteleza lolemera modabwitsa. Atalimasula adaona mabawuti akuluakulu ndi tizitsulo topindika timene timapanikiza njanji kuti isasunthe. Munthu wina akadangoti ndi zitsulo zakutha. Iwo adazizindikira monga momwe mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Adalimanganso thumbalo nalibwezera pamalo pake, osauza munthu. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigogoda imalowa m'chigoba, koma ukaileka imatulutsa yokha tinyanga take. Mwana wolakwa amateronso: ukamudzidzimutsa ndi ukali umangomuphunzitsa kubisa bwino.

"Mphwanga," adatero agogo, poti ndi mmene ankamutchulira mdzukulu wawoyo akamacheza, "tawafunsa achemwali ako. Bwanji palibe wantchito? Nanga timapiloto adasoka ndani?"

Yankho lake ndi nkhani yodziwika bwino m'dzikolo. Masiteshoni otere eni ake amawatcha mujin eki, kutanthauza siteshoni yopanda munthu, ndipo pofika mu 2020 pafupifupi theka la masiteshoni onse a ku Japan, omwe ndi oposa 9,000, adali opanda antchito. Gwero lake si kukhulupirika kokha ayi. Achinyamata adasamukira m'mizinda ikuluikulu monga Tokyo ndi Osaka, m'midzi mudatsala okalamba, ndipo makampani a sitima adaona kuti kulipira munthu wodikira okwera owerengeka patsiku n'kutaya ndalama. Pa njanji zambiri za kumidzi wokwera amatenga kapepala ka nambala polowa m'sitima, ndipo potsika amalipira kutsogolo, pafupi ndi woyendetsa. Masiteshoni ena amafika potsekedwa kumene. Ya Kyu-Shirataki, pa chilumba cha Hokkaido, idatchuka chifukwa m'masiku ake otsiriza wokwerapo tsiku ndi tsiku adali mtsikana mmodzi wa ku sekondale, ndipo idatsekedwa mu Marichi 2016, mwezi womwe iye adatsiriza sukulu. Koma pamene sitima ikadaimabe, kawirikawiri osesa, obzala maluwa ndi osoka timapilo amakhala anthu a m'mudzi womwewo, popanda wowalipira.

Agogo atamva izi adagwedeza mutu. "Ndiye kuti mlonda alipo. Sadavale yunifolomu basi."

Chimene mnyamatayo sankachiganizira n'chakuti agogo ake adakulira pambali pa kasiteshoni kotere, kuno ku Malawi komwe.

Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, kuchokera ku Port Herald, kumene lero kumatchedwa Nsanje, kudzera ku Chiromo, Luchenza ndi Limbe. Mu 1935 padachitika zinthu ziwiri zazikulu. Mlatho wa Dona Ana udatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, kotero kuti katundu ankachoka ku doko la Beira mpaka ku Limbe osaolotsedwanso pamadzi. Chaka chomwecho njanji idapitirira kumpoto, kuchoka ku Blantyre kudzera ku Balaka mpaka ku Chipoka ndi Salima. Masiteshoni akuluakulu monga Limbe, kumene kudali likulu ndi nyumba zokonzeramo injini, adali ndi mabwana, makalaliki, onyamula katundu ndi alonda. Koma pakati pa akuluakuluwo padali timalo ting'onoting'ono pamene sitima inkangoima kamphindi, kutsitsa awiri n'kunyamula atatu. Kamodzi ka timalo timeneti, pakati pa Chirimba ndi Lirangwe, kadali pafupi ndi mudzi umene agogowa adabadwira. Padalibe ofesi. Padali chikwangwani, njanji yapambali yopatukirapo sitima, ndi mtengo waukulu wa mango. Tikiti munthu ankadula m'sitima momwemo kwa kondakitala.

Pamalo opanda bwana ngati amenewo anthu adali ndi malamulo awo osalembedwa. Poopa kusiyidwa, apaulendo ankalawirira, ndipo kudikira kunkatha kutenga theka la tsiku. Mayi wa dengu la tomato akafuna kukamwa madzi m'mudzi ankangotembenukira kwa munthu amene sadamuonepo chibadwire n'kunena kuti, "Mundionereko katunduyu." Mawu awiri amenewa ndiwo adali loko ndi kiyi. Wouzidwayo sankasuntha mpaka mwini katundu atabwera, ndipo sitima ikatulukira mayiyo asadafike, anthu ankakuwa kumuitana, ena atanyamula kale dengu lija kulikweza. Nyumba zoyandikana ndi njanji zinkasunga mtsuko wa madzi ndi chikho cha alendo. Munthu amene sitima yamutsitsa usiku sankagona pansi pa mtengo, ankaperekezedwa kwa amfumu, poti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo amene wamusunga lero sadziwa kumene iye adzagone mawa. Mtolo woiwalika unkasungidwa kwa amfumu komweko, uthenga n'kupita ndi kondakitala, mpaka mwini atatulukira ngakhale patatha mwezi.

Khalidwe limeneli silidabwere ndi sitima. Lidachokera kumunda ndi pabwalo. Makasu ankagona m'mizere kudikira mawa. Nkhokwe idalibe loko, ndipo mpiringidzo wa pachitseko udali woletsa fisi ndi mbuzi koposa munthu. M'madera ambiri wapaulendo wanjala ankaloledwa kuthyola nzimbe kapena kuzula chinangwa m'munda wa mwini, malinga adyere pomwepo ndi kusiya makoko poonekera, kuti mwini munda adziwe kuti padadutsa njala osati mbala. Kutengera kunyumba ndiko kudali kuba. Izi sizitanthauza kuti akale onse adali oyera mtima. Akuba adalipo, ndipo n'chifukwa chake ena ankatsirika minda yawo ndi chambu. Koma chimene chinkagwira dzanja la anthu ambiri sichidali mankhwala. Adali manyazi. Mwana akaba, dzina loipa linkagwera mbumba yonse, ndipo woimirira pabwalo kulipira mbuzi adali malume ake. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Agogowa adalowa ntchito mu 1966, m'gulu la anthu oyendera ndi kukonza njanji. Ntchito yawo idali kuyenda wapansi ndi nyundo ndi sipanala yaitali, kugogoda, kumvetsera ndi kumanga chimene chamasuka. Adaona injini za malasha zikusiyira malo za dizilo. Adaona njanji ya ku Nkaya mpaka ku Nayuchi ikutsegulidwa mu 1970, kulumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, kenaka ya ku Salima ikufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Adaonanso zinthu zikubwerera m'mbuyo. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wambiri n'kusamukira pa malole. M'zaka za m'ma 1990 maminibasi adachuluka, ndipo anthu okhala pafupi ndi msewu wa tala adaleka kudikira sitima. Iwo adapuma pantchito mu 1996. Chaka chotsatira, mu 1997, madzi osefukira adakokolola njanji cha ku Chiromo, ndipo mu 1999 ntchito yoyendetsa sitima idaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways. M'zaka zotsatira sitima ya anthu inkadutsa masiku owerengeka okha pa sabata.

Odikira akachepa, maso nawonso amachokapo. Mayi wa thobwa adasamukira kumsewu, mtsuko wa alendo udalowa m'nyumba, udzu n'kumera mpaka pachikwangwani. Pakamwa pa anthu padabwera mawu atsopano akuti za boma zilibe mwini, ndipo njanji itapita kwa kampani adangosintha n'kumati ndi za eni ake olemera. M'matauni mudafika ogula zitsulo zakutha ndi masikelo awo. Amisiri a ku Ndirande, amene amasula mbaula, makasu ndi mafelemu a mawindo, ambiri ndi anthu okhulupirika odyera thukuta lawo, koma chitsulo chikafika pasikelo sichinena kumene chachokera. Apa ndiye pali kusiyana kwa malo awiriwa. Ku Japan kasiteshoni kadasowa wantchito chifukwa anthu adatha m'midzi, koma otsalawo adakatenga kukhala kawo. Kuno anthu ndi ochuluka kuposa kale, koma adakaleka kukhala kawo.

Loweruka m'mamawa agogo adamudzutsa mnyamata uja.

"Mphwanga, tiye kumudzi. Unyamule thumba lija lili kuseri kwa bafa."

Mnyamatayo adauma thupi. Adafuna kuyankhula, koma agogo adali atatuluka kale, chipewa chili kumutu, ndodo ili m'manja. Adakwera minibasi yolowera ku Lunzu natsikira panjira, ndipo ulendo wonsewo palibe adatsegula pakamwa. Kuchokera kumsewu adayenda wapansi, agogo patsogolo, mdzukulu pambuyo, thumba lili paphewa. Thumba limene lidapepuka popita ku Ndirande lidalemera pobwerera.

Mtengo wa mango uja udali pomwepo. Chikwangwani chidali chitafufutika, moti wosadziwa malowo sakadawerenga dzina. Agogo adakhala pamthunzi, poti munthu wa panjanji sakhalira njanji ngakhale atatopa chotani, namuuza mnyamatayo kuti akhuthule thumbalo. Kenaka adayamba kusankha zitsulozo m'milu iwiri, monga mayi asankha nyemba.

"Tsopano ndiuze."

Mawu adatuluka movuta. Patchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ali kumudzi konkuno, anyamata awiri adamuuza kuti njanji yapambali ija idafa kale, sitima siipondanso, ndipo zitsulo zake zikungodyedwa ndi dzimbiri pamene m'tauni zili ndi mtengo. Nthawi yolipira ndalama ya mayeso a Fomu 4 inkayandikira. Bizinesi ya mandasi ya amayi ake idali italowa pansi chifukwa cha kukwera mtengo kwa ufa ndi mafuta, ndipo penshoni ya agogo ankaidziwa kuchepa kwake. Adaona ngati akuchotsera anthu mtolo. Thumbalo lidakhala miyezi iwiri kuseri kwa bafa chifukwa tsiku lililonse akati apite nalo kusikelo, miyendo inkakana.

Agogo adamvetsera osamudula. Kenaka adaloza mulu woyamba.

"Izi zadzimbiri mbali zonse ndi za njanji yapambali. Kuzitenga ndi kuba ndithu, koma sizikadapha munthu lero. Nanga izi?"

Adatola kachitsulo ka mulu wachiwiri nakatembenuza. Mbali imodzi kadali kosalala, kopekeseka.

"Chitsulo chogona sichisalala chonchi. Ichi chinkagwira ntchito. Chachokera pamene sitima imaponda."

"Zimenezo anzanga ndiwo adabwera nazo usiku, agogo. Ine sindidafunse."

"Sudafunse. Paja safunsa adadya phula. Dzuka, tikaone."

Adayenda m'mbali mwa njanji yaikulu, agogo maso ali pansi monga ankachitira kale. Atafika pamene njanji imakhota adaima, naloza ndi ndodo. Padali malo asanu ndi atatu otsatizana pamene tizitsulo tija tidachotsedwa, ndipo polumikizira njanji ziwiri padatsala mabawuti awiri m'malo mwa anayi.

"Pakati pa njanji iyi ndi iyo pali mapazi 3 ndi mainchesi 6," adatero agogo. "Kuchokera ku Nsanje mpaka ku Mchinji muyeso ndi womwewo. Ntchito yanga yonse ya zaka 30 idali kusunga muyeso umenewu."

Muyesowo ndi mamilimita 1,067, ndipo ndi womwewo wa njanji zambiri za ku Japan, kupatula za sitima zaliwiro za Shinkansen ndi zina zowerengeka. Sitima imene mtsikana uja ankakwera pakati pa minda ya mpunga inkayenda pa mpata wofanana ndi umene agogo ake adausunga ndi sipanala kumpoto kwa Blantyre.

Agogo adafotokoza pang'onopang'ono, monga ankaphunzitsira anyamata olowa kumene ntchito. Dzuwa la Okutobala likatentha, chitsulo chimafutukuka n'kumafuna kopita. Pokhota, magudumu a sitima amakankhira njanji kunja ndi kulemera kwa mabogi onse. Tizitsulo tija ndito timaikaniza. Tikachoka tiwiri, totsalato timasenza katundu wa tinzake, ndipo palibe chimaoneka. Sitima imadutsa lero, imadutsanso sabata yamawa. Tsiku lina njanji imatseguka pang'ono, mpata wa zala ziwiri kapena zitatu, gudumu n'kugwera m'kati. Woyendetsa sitima alibe chiwongolero choti akhotere kumbali, ndipo sitima yolemera siima pamene waiuza, imapitirira mtunda wautali mabuleki atagwira kale. Chakudza sichiimba ng'oma.

"Ukudziwa amene amakwera sitima imeneyi? Si mabwana. Mabwana ali ndi galimoto. Amakwera ndi amayi a ku Utale ndi ku Nkaya, kumene msewu wabwino uli kutali, atanyamula tomato, nsomba zouma ndi ana kumsana. Azakhali ako amakwera imeneyi akamabwera kudzationa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Mnyamatayo adayang'ana mabowo opanda mabawuti aja, misozi ili lengelenge. Agogo sadaonjezere mawu. Adabwerera naye pansi pa mango, ndipo atapuma adayamba nkhani ina.

Ali ndi zaka ngati 10, iwonso adalakwira njanji yomweyo. Anyamata a nthawi imeneyo ankaika msomali panjanji kuti sitima ikauponda uphwatalale, iwo asule kampeni. Tsiku lina ali chogwada kuika msomali wawo, adangomva khutu lagwidwa. Adali mayi wina wokalamba wogulitsa thobwa pansi pa mango womwewo, wosakhala mbale wawo, wochokera mudzi wina. Mayiyo adasiya mtsuko wake wa thobwa pomwepo, popanda woyang'anira, nawakoka khutu mpaka kwa malume awo. Malumewo sadafunse kuti inu ndani kuti mugwire mwana wa eni. Adagwira nkhuku napatsa mayiyo, ndipo mwanayo adalandira chake madzulo.

"Tsiku limenelo ndidamuda mayi ameneyo," adatero agogo. "Koma malipiro anga oyamba a panjanji nditalandira, ndidagula shuga ndi nsalu n'kukamupatsa. Adali atakalamba kwambiri, maso osaona, koma adandikumbuka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Iye adachenjera manja pa khutu langa, ndipo adadya nane. Pano padalibe mlonda wolembedwa ntchito, mphwanga, koma padalibe mwana amene akadamasula bawuti dzuwa likuswa mtengo kapena usiku, anthu osadziwa."

Mnyamatayo adapempha kuti angosiya thumbalo pambali pa njanji azipita, okonza njanji adzalipeza okha. Agogo adakana. Thumba losiyidwa pathengo lingatoledwe ndi wina n'kukafika kusikelo komweko, ndipo choopsa sichidali m'thumba, chidali pokhota paja, pamene palibe ankadziwa. Kubwezera okha zitsulozo adakananso, poti ntchito imeneyo ili ndi zida zake ndi eni ake, ndipo munthu wopuma pantchito sakhudza njanji. Njira idali imodzi yokha, ya kwa amfumu.

Atalonjeredwa ndi kukhala pamphasa, agogo adavula chipewa nayamba kuyankhula.

"Mfumu, tabwera ndi mlandu. Zitsulo izi ndi za panjanji, ndipo zapezeka pakhomo panga. Mlanduwu ndi wanga."

Asadapitirize, mnyamata uja adagwada.

"Pepani, mfumu. Agogo sadadziwe kanthu. Ndidatenga ndine."

Agogo adayang'ana pansi. Amene adali pafupi adaona kuti chipewa chikunjenjemera m'manja mwawo. Nkhono ija idali itatulutsa maso yokha.

Amfumu sadazengereze. Adaimba foni kwa kapitawo wa okonza njanji m'chigawocho tsiku lomwelo, ndipo anthu ake adafika sitima ina isadadutse, nabwezera zonse m'malo mwake. Anyamata awiri aja adaitanidwa pamodzi ndi amalume awo. Poona kuti katundu wabwezedwa ndi eni kulakwa, akuluakulu adagwirizana kuti nkhaniyo ithere pabwalo. Chilango chidali chakuti atatuwo atchetche udzu pa kasiteshoni, afukule ngalande zotsekeka ndi kulambula njira yochokera kumudzi, Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu.

Pobwerera ku Ndirande agogo ndiwo adayamba kuyankhula, ndipo mawu awo adali odzidzudzula okha. Adati mwana amene wasenza nkhawa ya ndalama ya mayeso miyezi iwiri, akudya mbale imodzi ndi akulu ake, osapeza woti amuuze, ndiye kuti pakhomopo akulu nawonso adagona. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma nthawi zina imafera kuuna chifukwa kunja kulibe woifunsa. Mwambo sukhutitsa mimba, ndipo n'kosavuta kwa wokhuta kulalikira za kukhulupirika. Akale amene ankasiya makasu kumunda ndi omwewo amene ankalola wanjala kuzula chinangwa. Zinthu ziwirizi zinkayendera limodzi. Mudzi umene ufuna kuti ana ake asabe uyenera kukhalanso mudzi umene mwana angathe kunena kuti ndasowa.

Sabata yotsatira agogo adagulitsa njinga yawo yakapalasa, imene adagula akadali pantchito ndipo idali itakhala zaka ili chopachika kuchipinda. Ndalama ya mayeso idalipidwa, ndipo yotsala idapita pa ufa wa mandasi.

Adzukulu owerenga nkhaniyi angaone ngati ndi ya njanji yokha, pamene ambiri a iwo sadakwerepo sitima. Koma masiteshoni opanda mlonda ali ponseponse. Mjigo wa m'mudzi ulibe mlonda. Alibe mlonda mabuku a sukulu, mawaya a magetsi, zikwangwani za pamsewu, mitengo ya m'phiri la Ndirande, ngakhale chenji chopitirira chimene wogulitsa wotopa wapereka mosazindikira. Palibe boma kapena kampani imene ingalembe alonda okwanira zonsezi. Chinthu cha anthu onse chimakhalitsa pokhapokha aliyense akachiyesa chake posamala, osati chake potenga. Ndipo amene amasirira ukhondo ndi kukhulupirika kwa maiko akutali adziwe kuti mbewu yake idaliponso kuno. Mawu aja akuti "mundionereko" sadabwere pa ndege.

Loweruka lomaliza la chilango, anyamata aja adagubuduza chipika cha mtengo wakugwa nachiika pansi pa mango kuti odikira sitima azikhalapo, ngakhale palibe adawatuma. Mdzukulu uja adajambula malowo, udzu utatchetchedwa, chikwangwani chikuoneka, natumiza chithunzicho ku Japan popanda kulembapo mawu ambiri. Adangoti, "Ya kwathu." Ngati chipikacho chidzakhalitse kapena chidzathera pamoto wa munthu wina, zili m'manja mwa anthu a pamenepo. Za mnyamatayo nazonso adzaweruza ndi masiku, poti mawu a akulu amakoma akagonera.

Agogo akadakhalabe pakhonde lawo madzulo. Sitima ikalira kumunsi amatukula mutu monga kale, ndipo akakhala kuti mdzukulu wawo ali pafupi, mitu imatukuka iwiri.